Kukhoma misomali pamalo opanikiza ndi palm nailer

Pamene phaso limatsikira kukagona pa wolopuleti, thabwa lija logona pamwamba pa khoma, malata atakhomedwa kale pamwamba, mpata umene umatsala sukwana kutukula hamala. Mukati mumenye, mutu wa hamala wagunda lata. Mukati mumenye chopendekera, msomali wapindika, chala nacho chalawako. Malo oterewa ndi amene anapangira palm nailer, kachida kokwana m'chikhatho koyendera mpweya wa kompuresa. Kali ndi mphuno yachitsulo momwe mumalowetsa mutu wa msomali wamba, umodziumodzi. Mukakakankhira pa thabwa, pisitoni ya m'kati imamenya msomaliwo maulendo opitirira 10 pa sekondi imodzi mpaka utalowa. Tambiri tilibe chokoka ndi chala ngati mfuti ya misomali. Kukankhako ndiye kuyatsa, kuleka kukankha ndiye kuzimitsa.

Pabwalo poyera, pamene mkono ukutambasuka bwino, kalipentala wozolowera amachita changu ndi hamala kuposa ndi kachidaka, choncho musakagule ndi maganizo oti mukhome nako denga lonse. Ntchito yake ndi ya m'makona: pakati pa mitanda iwiri yoyandikana, kunsi kwa masitepe amatabwa, m'kati mwa kabati yomangira kukhoma, pa malamba achitsulo omangira matirasi, mafelemu amatabwa aja onyamula denga, komanso pokonza denga lakale osasasula malata.

Kusankha chida ndi misomali

Mitundu ilipo iwiri. Kakang'ono kamalemera pafupifupi theka la kilogalamu ndipo kamafika pa misomali ya mamilimita 90, amene ndi mainchesi atatu ndi theka. Chachikulu chimapitirira kilogalamu imodzi ndipo chimatha misomali ya mainchesi 5 ngakhale 6. Madenga ambiri kuno ku Mzuzu ndi a paini wa ku Chikangawa, matabwa a mainchesi 4x2 ndi 6x2 okhomedwa ndi misomali ya mainchesi 4 ndi 5, ndiye wa madenga atenge chachikulu. Kakang'ono nkabwino kwa wa siling'i, makabati ndi zitsulo zolumikizira matabwa, chifukwa kamalowa pamene chachikulu chimakanika.

Popita kokagula, ikani m'thumba misomali imene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, mukaiyese pa mphunopo. Mutu wa msomali ulowe momasuka, koma usachepe kwambiri. Mutu waukulu umakanirira pakamwa pa mphuno, pamene waung'ono kwambiri, ngati wa timisomali topanda mutu ta mipando, umazembera m'mbali mwa chitsulo chomenyera nkutsekereza chida. Misomali ya malata ya zipewa ija silowa n'komwe. Ya konkire musaiyese: chitsulo chake ndi chouma, chimathetheka nkuuluka, ndipo chimadya nsonga ya chomenyeracho.

Mpweya

Mphamvu ya mpweya wopanikizidwa imayesedwa mu psi kapena mu bar. Tizida tambiri timafuna mpweya wa pakati pa 70 ndi 100 psi, ndiye kuti bar 5 mpaka 7. Malire enieni alembedwa pa chida chanucho kapena m'kabuku kake, musawapyole. Pamene chikumenya chimadya malita 60 mpaka 110 a mpweya pa mphindi, koma poti msomali umodzi umangotenga masekondi ochepa, kompuresa ya malita 24 ya injini ya 2 HP imakwana kwa munthu mmodzi. Ya malita 50 imapuma nthawi yotalikirapo, basi.

Makompuresa amenewa amadzizimitsa akafika pa bar 8, mpweya woposa umene chida chikufuna. N'chifukwa chake pali mageji awiri. Ina imaonetsa za m'thanki, inayo imaonetsa mpweya umene ukutuluka kupita ku paipi mukapotokola kachitsekerero kochepetsera. Yachiwiriyi ndi imene muziyang'ana. Ambiri amaona geji ya thanki ili pa 8 nkumati zonse zili bwino, pamene ku paipi kukupita bar 3 yokha, kapena yonse 8 imene ikung'amba timphete ta mphira m'kati mwa chida.

Kompuresa ikhale pafupi ndi soketi, pamalo osafika mvula ndi utuchi. Mtunda wotsalawo talikitsani paipi ya mpweya, osati chingwe cha magetsi. Chingwe chachitali chopyapyala chimafooketsa magetsi, injini imangong'ung'udza osadzuka, mapeto ake imapsa. Ku mapuloti atsopano kumene magetsi sanafike, ngati mbali zina za ku Nkhorongo ndi Lupaso, kumbukirani kuti injini ya kompuresa podzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda, ndiye kajenereta koyatsira mababu ndi kutchajira mafoni sikangaidzutse. Paipi ya mamilimita 8 m'kati imakwana mpaka mamita 15. Kupitirira apo tengani ya mamilimita 10, apo ayi mpweya umafika kuchida utafooka.

Botolo la oksijeni la owotcherera lisayandikire chida ichi, ngakhale magetsi atathima ntchito ili pakati. Oksijeni akakumana ndi oyilo wa m'chida chimaphulikira m'dzanja.

Tsopano madzi, amene ndi mdani wamkulu wa zida za mpweya mu mzinda uno. Mpweya wa ku Mzuzu ndi wachinyontho: mvula imachedwa kusiya, ikasiya kumabwera mawawa ndi chifunga cha m'mawa. Kompuresa ikapanikiza mpweya woterowo, chinyontho chimasanduka madzi nkukhazikika pansi pa thanki. Akachuluka amakwera ndi paipi, amatsuka oyilo m'chida, pisitoni imachita dzimbiri. Mukaona chida chikulavula thovu lotuwa ngati mkaka potulukira mpweya, madzi afika kale. Gulani kasefa kogwira madzi, kabotolo koonekera m'kati kaja, mukamange pa paipi yopita kuchida. Kamagwira bwino kakakhala patali pang'ono ndi kompuresa, pamene mpweya wazizirako, kusiyana ndi pakamwa penipeni pa thanki pamene mpweya ukadali wotentha.

Kulumikiza

Polowera mpweya pa chida ndi pa kota inchi, koma mazinga ake sali amodzi. Zida zopangidwira msika wa ku America zimakhala ndi mazinga a NPT, pamene zolumikizira zambiri zochokera ku South Africa ndi ku Ulaya ndi za BSP. Pamaso zimafanana. Pa inchi imodzi NPT ili ndi mizere 18, BSP ili ndi 19, ndiye cholumikizira cholakwika chimalowa kawiri katatu nkulimba. Mukachikakamiza ndi sipanala mumaphwanya mazinga a chida, amene kawirikawiri ndi a aluminiyamu. Chiyambe kulowa ndi zala zokha. Kulungani tepi yoyera ya mapulambala kawiri kapena katatu, kusiya mzere woyamba wosakulunga kuti tizidutswa ta tepi tisalowe m'chida.

Kuchida kumakhala cholumikizira chachimuna, chobooka chopanda valavu, ndipo chachikazi chimakhala ku paipi. Mukasinthanitsa, chida chimasunga mpweya ngakhale mutachichotsa pa paipi, ndipo chitha kumenya muli kuchipukuta. Zolumikizirazi zilinso ndi maonekedwe osiyanasiyana, gulani chachimuna ndi chachikazi pamodzi.

Musanalumikize, dontezani madontho awiri kapena atatu a oyilo wa zida za mpweya polowera mpweyapo, ndipo mubwereze masana ngati misomali ikuchuluka. Oyilo wa injini ya galimoto ali ndi mankhwala otupitsa ndi kuwononga timphete ta mphira. Mafuta ophikira amauma nkukhala ngati ulimbo. Musachulutsenso: wotsala amatuluka ndi mpweya nkuthimbiriza thabwa, ndipo pothimbirirapo vanishi sagwira.

Valani magalasi oteteza maso ndi zotseka m'makutu. Phokoso la kachidaka pansi pa malata limabwerera m'mutu ngati muli m'mgolo umene wina akuumenya kunja. Lowetsani dzanja mu lamba wa chidacho kuti msana wa chida ukhale pa tsinde la chikhatho, zala zigwire m'mbali, kutali ndi mphuno. Tsitsani mpweya pa bar 5. Lumikizani paipi mphuno ilibe msomali, italoza pansi, isakukhudza kanthu. Nthawi zina mukangolumikiza chida chimayamba kulira kuti fyiii osaleka. Sichinawonongeke: pisitoni yaima pakati. Chimenyeni kamodzi kumsana ndi chikhatho chinacho, pisitoni ibwerera m'malo mwake, kulirako kutha.

Yambani mwayesa pansi, pa chidutswa cha thabwa lomwelo limene mukakhome. Msomali ukamalowa mozengereza, kwezani mpweya ndi theka la bar nkuyesanso. Ukamalowa mwaliwiro mpaka mphuno kusiya chidindo chakuya pa thabwa, tsitsani. Paini wosauma amafuna mpweya wochepa, bulugamu wouma amafuna wa kumtunda kwa malire.

Kukhoma kwenikweni

Lowetsani mutu wa msomali m'mphuno. Maginito a m'mphunomo augwira, ndiye zala sizifunikanso pamenepo. Misomali yokutidwa ndi zinki imagwirika bwino chifukwa m'kati mwake ndi chitsulo wamba, koma ya aluminiyamu, ya kopa ndi yambiri ya chitsulo chosachita dzimbiri maginito saigwira. Imeneyo igwireni ndi pulayala yamlomo wautali mpaka italuma thabwa.

Ikani nsonga pa chizindikiro chanu. Musanakankhe, yang'anani kuti chida, msomali ndi mkono zili pa mzere umodzi. Apa ndi pamene pagona ntchito yonse. Chida chimamenya molunjika kumene chaloza, sichikonza cholakwa ngati mmene dzanja limawongolera msomali ndi hamala. Chikapendeka pang'ono, nkhonya iliyonse ikukankhira mutu wa msomali kumbali, ndipo pofika theka msomali wagwada.

Kankhani pang'ono, chimenye kangapo, muleke. Onani ngati msomali waima mmene mukufunira. Ngati wapendeka, ino ndi nthawi yowongola kapena kuzula, ukadali pamwamba. Kenako kankhani mosadukiza, ndi mphamvu yongokwana kuti chida chisadumphe pamutu pa msomali. Kutsamirapo ndi thupi lonse sikuwonjezera liwiro, kumangopinda misomali yopyapyala ndi kutopetsa mkono. Kukankha mwamantha nakonso nkoipa, chifukwa chida chimadumphadumpha nkutafuna mutu wa msomali. Khutu likuuzani pamene mwafika: kulira kumasintha mutu ukagona pa thabwa, kuchoka pa phokoso lachitsulo kupita pa lobuma. Lekani pomwepo. Chida chikamamenya popanda msomali woti ulowe, nkhonya zonse zimathera pa mphira wa m'kati, ndipo umaphwanyika msanga.

Dzanja linalo likhale kutali ndi pokhomapo, mtunda woposa kutalika kwa msomali. Paini ali ndi mfundo zambiri, ndipo nsonga ikagunda mfundo imakhota nkutulukira m'mbali mwa thabwa, pamene anthu amakonda kugwirira.

Pa thabwa looneka, ngati la kabati ya mlombwa kapena mbawa, musalole mphuno kufika pa thabwa. Boolani kachidutswa ka pulayiwudi wopyapyala, msomali udutse pa bowolo, mphuno igunde pulayiwudiyo. Bowolo likhale lokulirapo kuposa mutu wa msomali kuti kachidutswako kachoke. Mamilimita otsalawo malizani ndi kachitsulo komizira misomali.

Kukhoma chopendekera, monga pomangirira phaso kapena tirasi ku wolopuleti, ndi kumene chida ichi chimaonetsa phindu lake, komanso kumene anthu amalakwitsa kwambiri. Msomali uyambire pa gawo limodzi mwa magawo atatu a kutalika kwake kuchokera pamene matabwa akumana. Wa mainchesi 4, amene ndi mamilimita 100, uyambire pa mamilimita 30 mpaka 35. Upendeke madigiri 30 kuchoka pa nkhope ya thabwa limene ukuyambirapo. Mukayambira pafupi kwambiri thabwa limang'aluka, mukayambira patali nsonga yokha ndi imene imafika m'thabwa lapansi. Nsonga imakonda kutsetsereka pa nkhope yosalala, ndiye iyambitseni mowongoka mamilimita atatu kapena anayi, kenako pendeketsani msomali nkupitiriza. Kunjenjemera kwa chida kumasuntha thabwa pang'onopang'ono osazindikira, mpaka mupeza tirasi yachoka pa mzere ndi sentimita yathunthu. Limangeni ndi kalampu, kapena khomani kachidutswa ka thabwa kuseri kuti likhale ndi potsamira. Misomali iwiri mbali imodzi ndi umodzi mbali inayo, yosalunjikana kuti isagundane m'kati.

Pa malamba ndi zitsulo zolumikizira matabwa, chida ichi chimaposa mfuti ya misomali chifukwa nsonga mumaiona ndipo mumaiika m'bowo ndi maso anu. Gwiritsani ntchito misomali yaifupi yonenepa, ya mamilimita 38 mpaka 40, kuti isabooleze kuseri kwa thabwa la mainchesi awiri. Mabowo amene wopanga chitsulocho anati akhomedwe akhomedwe onse, poti mphamvu yake anaiwerengera pa misomali yonseyo. Mutu ungogona pa chitsulo. Mukapitiriza kumenya chitsulocho chimabonyoka, bowo limakula, ndipo mphepo ya mkuntho ikadzakoka denga chimang'ambikira pamenepo. Matabwa onyikidwa m'mankhwala obiriwira oteteza chiswe amadya chitsulo wamba, makamaka kuno kwachinyontho, ndiye pamenepo misomali ikhale yokutidwa ndi zinki.

Mitengo yolimba, bulugamu wouma ndi matabwa akale a m'nyumba za kalekale, imafuna kuboola kaye. Bowo likhale locheperako kuposa msomali: wonenepa mamilimita 4 umafuna chiboolero cha 3 kapena 3.5. Popanda kuboola, ngakhale pa paini, msomali woterowo utalikire mamilimita 20 kuchokera m'mphepete ndi 40 mpaka 60 kuchokera kumapeto kwa thabwa. Nzeru yakale yobuntha nsonga ndi hamala imagwirabe ntchito, poti nsonga yobuntha imadula mizere ya thabwa m'malo moipatula.

M'denga

Musanakwere, yesani mpata ndi tepi. Pakufunika kutalika kwa chida, kwa msomali ndi kwa dzanja lanu pamwamba pake. Mpata ukachepa pang'ono, boolani bowo lopendekera, mulowetse msomali ndi dzanja mpaka pamene ungafike, kenako muveke chida pamutu pake.

Zimitsani magetsi a nyumbayo pa bokosi lalikulu, kompuresa idye kuchokera kwina, ndipo unikani ndi tochi kuseri kwa thabwa lililonse musanakhome. Mawaya ndi mapaipi a madzi amakonda kuyenda m'mbali mwa mitanda, pamalo omwewo amene maso safika. Pondani pa mitanda ya matirasi yokha, kapena yalani thabwa lopingasa. Timatabwa ta 2x2 ta siling'i sitinyamula munthu. Paipi ya mpweya imangirireni ku mtanda ndi chingwe pafupi ndi pamene mukugwira ntchito, kuti kulemera kwake kusakoke dzanja pamene mukulunjika. Pokwera makwerero ndi posamuka malo chotsani paipi kuchida, chifukwa chida chokhala ndi msomali chikangogunda bondo chimenya. Wothandiza amene ali pansi mumuuze poyambirira kuti akamva "Achimwene, tsekani!" atseke mpweya osafunsa chifukwa, ndipo asaime kunsi kwa pamene mukukhoma.

Mu Okutobala pansi pa malata pamatentha ngati mu uvuni kuyambira chakumasana, ntchito ya m'denga ikhale ya m'mawa. Mu Juni ndi Julayi vuto ndi lina. Kunjenjemera kwa chida kumachepetsa magazi opita ku zala, ndipo kuzizira kwa ku Mzuzu kumawonjezera. Zala zikayamba kuchita dzanzi kapena kuyera kunsonga, imani, zifunditseni, musinthe ntchito. Magolovesi okhuthala pachikhatho amathandizako, koma chachikulu n'kusakhoma maola otsatizana osapuma.

Chida chikavuta

Chotsani paipi musanachigwire ku mphuno, nthawi zonse. Chikamamenya mofooka, yambani ndi zosavuta: geji ya ku paipi, paipi yopindika, cholumikizira chotaya mpweya, oyilo. Pakani madzi a sopo pa zolumikizira, potuluka thovu ndi pamene pakudontha. Zonsezi zikakhala bwino, timphete ta mphira ta pa pisitoni tatha. Mpweya ukamatulukira m'mbali mwa chivundikiro, mangani masikuluwu ake, poti kunjenjemera kumawamasula, ndipo ndi bwino kuwayesa m'mawa uliwonse. Kulira kosaleka kumene kumenya kumsana sikukuthetsa kumasonyeza kamphete kong'ambika kapena mphira wosweka m'kati.

Mphuno ikamalowa osabwerera, kapena chida chikamapitiriza kumenya mutaleka kukankha, kawirikawiri ndi utomoni wa paini wosakanikirana ndi utuchi umene wamata pamenepo. Masulani mphuno, muitsuke ndi parafini pang'ono, muiumitse, mudontheze oyilo, muone ngati sipuling'i yake sinathyoke. Parafiniyo asafike ku mphira. Msomali ukamagwa m'mphuno, onani maginito: amatola tizitsulo tothetheka pa mitu ya misomali mpaka mutu sukhalanso bwino. Tichotseni ndi kamtengo kosongola.

Msomali wopindika pakati musauwongole ndi chida. Uzuleni, muike watsopano pambali pang'ono. Pamalo opanikiza pamene chozulira sichilowa, ugwireni ndi pulayala yotsekera nkuupotokola uku mukukoka, kapena muudule molingana ndi thabwa.

Poweruka, zimitsani kompuresa, chotsani chida, mutulutse mpweya mpaka geji ya thanki itsike pa bar 1 kapena 2. Tsegulani kavalavu ka pansi pa thanki pang'onopang'ono, mupendeketse thanki kuti madzi onse atsikire pomwepo. Madzi ofiira akusonyeza kuti dzimbiri layamba m'kati, ndipo thanki yodyeka ndi dzimbiri siwotchereredwa, imasinthidwa. Khuthulani kasefa, mupachike paipi kukamwa kuli pansi. M'chida dontezani oyilo dontho limodzi kapena awiri, mutseke polowera mpweya ndi kachitsekerero kapena tepi kuti fumbi ndi mavu omanga ndi dothi asalowemo, muchisunge m'bokosi louma, osati pa simenti.